Zinyalala zoyaka si zonse zoyenera ng'anjo ya fakitale

Anthu akhala akuganiza kuti chinyalala chilichonse, bola chikuyaka, chingalowe m'malo mwa malasha pa fakitale ya simenti kapena yopanga magetsi. Sizili choncho ayi.

Muyezo wa padziko lonse wa ISO 21640 wa mu 2021 umagawa zosonkhezera moto zochokera ku zinyalala m'magulu asanu, poyang'ana zinthu zitatu: mphamvu ya kutentha, kuchuluka kwa kemiko yotchedwa klorini ndi kwa mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni. Gulu loyamba limafuna mamegajulo (muyezo wa mphamvu ya kutentha) osachepera 25 pa kilogalamu ndi klorini wosapitirira 0.2 peresenti. Lachisanu limalola ngakhale zotulutsa mamegajulo 3 okha.

Vuto lalikulu ndi klorini, ndipo wambiri amachokera ku pulasitiki ya PVC, monga mapaipi ndi zokutira mawaya. Akapsa amadya mapaipi a boyila, chipangizo chowiritsa madzi kuti akhale nthunzi, ndipo m'ng'anjo ya simenti amaundana kukhala zigamba zolimba zomwe zimatseka njira ya mpweya mpaka ntchito kuima. Mercury amabwera ndi mabatire ena ndi mababu aatali.

Choncho zinyalala zimasankhulidwa, kudulidwadulidwa, kupititsidwa pa maginito kuti zitsulo zichoke, kenako kuumitsidwa, chifukwa chinyezi chimadya kutentha. Poyesa kuti mudziwe gulu lake, musatape pamwamba pa mulu pokha. Tapani malo ambiri, musakanize, ndipo muyese zosakanizazo.