Amene amasankha zoti muone pa Olympics

Anthu ambiri amaganiza kuti TV iliyonse imatumiza makamera ake ku Olympics, koma sizili choncho ayi. Zithunzi zambiri zomwe mumaona zimajambulidwa ndi bungwe limodzi, Olympic Broadcasting Services (OBS), lomwe IOC, komiti yoyendetsa Olympics padziko lonse, inakhazikitsa mu 2001, ndiye ma TV a mayiko osiyanasiyana amangogula chilolezo, kutenga zithunzizo n'kuikapo owulutsa mawu awo. Ku Paris mu 2024 OBS inatulutsa maola opitilira 11,000, ndiye taganizani, palibe tchanelo ingaonetse zonsezo, pamakhala munthu wosankha. Ndipo kawirikawiri amathamangira zomwezomwezo, mamita 100, kusambira, mpira, basi. Ngakhale nthawi imatsata ndalama, ku Beijing mu 2008 mafainolo osambira anachitika m'mawa kuti aku America awonere madzulo kwawo.

Nanga masewera enawa, osatchukawa? Okonza mpikisano amadziwa kuti paokha sakoka maso, ndiye amawapatsa malo okongola kwambiri mumzindamo. Paris inaika beach volleyball pafupi ndi Eiffel Tower, a malupanga mu Grand Palais, a mahatchi ku Versailles, oponya mivi ku Les Invalides. Barcelona inachita zomwezo mu 1992, dziwe la odumphira m'madzi linali paphiri la Montjuïc moti munthu akakhala m'malere mzinda wonse ukuoneka kumbuyo kwake. Mzinda umadzitsatsa, masewera nawo amapeza owonera, zimenezi ine ndilibe nazo vuto.

Chimandiwawa n'choti nthawi zambiri nyumba ndi imene imawina. Tatengani fencing, masewera a malupanga aja. Awiri avala zoyera, nkhope zobisika, akudumphirana, mwadzidzidzi magetsi ayaka onse awiri, lofiira ndi lobiriwira, koma pointi yapita kwa mmodzi, iwe wowonera sukudziwa chifukwa chake. Pa mitundu iwiri ya fencing, foil ndi sabre, pali lamulo loti amene anayamba kuwukira ndiye woyenera pointi, ndipo lefuli amayang'ana zimenezo, koma zimachitika mwachangu kuposa kuphethira. Apa pamafunika slow motion ndi wowulutsa wodziwa malamulo afotokoze modekha kuti taonani mkono uwu unayamba kutambasuka. Koma mupeza dayilekita watembenuzira kamera kudenga lagalasi la Grand Palais, wowulutsa akungoti kukongola kwake!

Ife apakanema timafunika kukonzekera malamulo a masewerawa ngati momwe timakonzekerera mpira, chifukwa wosewerayo wadikira zaka zinayi kuti apeze mphindi zochepazo, ndipo ambiri owonera sadzamuonanso mpaka ku Los Angeles mu 2028.