Musamayeze makochi a Montreal Canadiens ndi zikho zokha

Montreal Canadiens, timu ya hockey ya pa ayezi ya ku Canada, ikangogonja masewera atatu motsatizana, nyimbo imene imamveka pa wailesi ndi pa Facebook ndi yomweyomweyo: kochiyu achoke, nthawi ya kochi wakale Toe Blake zoterezi kunalibe. Zimanditopetsa. Amene amalankhula chonchi amatenga mndandanda wa makochi a timuyi, n'kuwerenga zikho za Stanley Cup (chikho chachikulu cha ligi ya NHL) pambali pa dzina lililonse, basi mlandu watha. Hockey ya pa ayezi siyenda choncho, ndipo kuwerenga kotereku kunaiwonongerapo Montreal zinthu zazikulu.

Blake anali katswiri, palibe wotsutsa. Anaphunzitsa timuyi kuyambira 1955 mpaka 1968 ndipo anatenga zikho 8, zisanu mwa izo motsatizana kuyambira 1956 mpaka 1960. Koma zikho 7 mwa zimenezi anazitenga ligi ya NHL ili ndi matimu 6 okha. Matimu anayi ankalowa m'ndime ya chipulula, ndipo kupambana masewera 8 kunali kokwanira kunyamula chikho. Lero matimu alipo 32, olowa m'chipulula ndi 16, ndime ndi zinayi, ndipo chikho chimafuna kupambana masewera 16. Kuyambira 2005 palinso malire a ndalama zimene timu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Blake ankatembenuka pa benchi n'kuona Maurice Richard, Jean Béliveau ndi Doug Harvey, pagolo pali Jacques Plante. Kochi wa lero sangasunge gulu lotere kwa zaka zambiri, malamulo salola.

Chachiwiri chimene anthu amadumpha n'chakuti kochi wa hockey sagula osewera. Imeneyo ndi ntchito ya general manager. Kochi amalandira anthu 20 ovala yunifomu tsiku la masewera: nthawi zambiri magulu anayi a akutsogolo atatuatatu, magulu atatu a otchinga kumbuyo awiriawiri, ndi magoloboyi awiri. Gulu likalowa limasewera pafupifupi masekondi 45, n'kutuluka masewera ali mkati. Luso la kochi lili pa kudziwa gulu liti likumane ndi gulu liti la adani, makamaka pakhomo pomwe malamulo amamulola kukhala womaliza kusintha anthu masewera akaima. Scotty Bowman ankaidziwa ntchito imeneyi kuposa wina aliyense. Kuyambira 1971 mpaka 1979 anatenga zikho zisanu, ndipo mu 1976-77 timu yake inapambana masewera 60, kugonja 8 ndi kufanana mphamvu 12. Koma osewera aja anawasonkhanitsa ndi general manager Sam Pollock. Pollock atapuma mu 1978 mpando wake sanaupereke kwa Bowman, ndipo chaka chotsatira Bowman ananyamuka kupita ku Buffalo. Mndandanda wa zikho sukuuzani kuti timu inataya kochi wake wopambana chifukwa cha nkhani ya mu ofesi.

Sukuuzaninso za Al MacNeil. Iye anatenga timu pakati pa nyengo ya 1970-71, nalimba mtima kuika pagolo Ken Dryden, mnyamata amene anali atasewera masewera 6 okha a ligi, kuti atchinge Boston Bruins ya Bobby Orr ndi Phil Esposito. Anatenga chikho. Komabe nyengo yotsatira sanabwerere pa benchi ya Montreal. M'ndime yotsiriza yolimbana ndi Chicago anakhazika pansi Henri Richard, Richard anamunyoza poyera, ndipo popeza MacNeil sankalankhula Chifalansa nkhani inasanduka ya mtundu. Ku Quebec, chigawo chimene kuli Montreal ndipo anthu ambiri amalankhula Chifalansa, chilankhulo ndi gawo la ntchitoyi. Mu December 2011 timu itapatsa Randy Cunneyworth, amenenso sankalankhula Chifalansa, mpando wogwirizira wa kochi, anthu anakwiya mpaka general manager Pierre Gauthier anapepesa. Zotsatira zake n'zakuti Montreal imasankha m'gulu lochepa la makochi, n'chifukwa chake mumaona mayina akubwerera: Michel Therrien analowedwa m'malo ndi Claude Julien mu 2003, ndipo mu February 2017 Julien yemweyo analowanso m'malo mwa Therrien yemweyo, timu ili pamwamba m'gulu lake.

Nkhani imene imandipwetekabe mtima ndi ya 1995. Jacques Demers anali atatenga chikho cha nambala 24 cha timuyi mu 1993, timu yake itapambana masewera 10 motsatizana a nthawi yowonjezera, Patrick Roy ali pagolo. Mu October 1995 timu inayamba nyengo ndi kugonja, ndipo pulezidenti Ronald Corey anachotsa Demers ndi general manager Serge Savard tsiku limodzi. M'malo mwawo anaika Mario Tremblay ndi Réjean Houle, osewera akale okondedwa ndi masapota, koma Tremblay anali asanaphunzitsepo timu ndipo Houle anali asanayendetsepo timu. Tremblay ankagwira ntchito younika masewera pa wailesi. Ubale wake ndi Roy sunali wabwino kuyambira kale.

Pa 2 December, Detroit Red Wings inabwera ku Forum, bwalo la Montreal la nthawi imeneyo, kochi wake ali Bowman uja anachoka mu 1979. Roy anachinyidwa zigoli zisanu m'chigawo choyamba. Kochi aliyense amene wakhalapo pa benchi amadziwa chochita apa: pa nthawi yopuma umamuuza goloboyi kuti lero si tsiku lake, n'kulowetsa wachiwiri. Suchita izi kuti upulumutse masewera, atayika kale. Umateteza munthu amene udzamufune mawa, ndipo umadzutsa otchinga kumbuyo amene amusiya yekha. Tremblay anachedwa. Anamusiya Roy mpaka zigoli zinafika 9 pa mashoti 26, masapota akumuwombera m'manja monyoza atagwira puck (kampira kophwatalala ka hockey) yosavuta, iye n'kukweza manja m'mwamba. Atatulutsidwa pakati pa chigawo chachiwiri, Roy anadutsa Tremblay, napita kwa Corey amene ankakhala kumbuyo kwenikweni kwa benchi popanda galasi lotchinga, n'kumuuza kuti amenewo anali masewera ake omaliza ku Montreal. Detroit inapambana 11-1.

Patangopita masiku anayi, Houle anatumiza Roy ndi kaputeni Mike Keane ku Colorado Avalanche, n'kulandira Jocelyn Thibault, Martin Ručinský ndi Andrei Kovalenko. General manager wozolowera akanadikira kuti mitima izizire, kapena akanalola matimu angapo apikisane pa mtengo. Colorado inatenga chikho nyengo yomweyo, inatenganso china mu 2001, Roy ali pagolo. Montreal sinatengeponso kuchokera 1993. Pa mndandanda, Tremblay amangooneka ngati kochi wa 1995 mpaka 1997 amene analowetsa timu m'chipulula kawiri. Manambala ake si oipa ayi, ndipo n'chifukwa chake ndimakana kuti manambala okha aziweruza.

Chenjerani ndi akatswiri a pakamwa amene mankhwala awo ndi amodzi pa matenda onse. Ali ngati sing'anga amene amakupatsa muzu womwewo kaya wabwera ndi mutu kaya wathyoka mwendo. Sakufunsani kuti goloboyi akugwira mashoti angati pa 100, kuti ndi otchinga kumbuyo angati amene avulala, kapena kuti timu ikuchinya kangati adani akakhala operewera munthu chifukwa cha chilango. Zina mwa izi kochi angazikonze m'masabata awiri. Goloboyi wovulala bondo sangamukonze. Ndipo makochi amene Montreal inasiyana nawo sanali mbuli: Jacques Lemaire anatenga chikho ndi New Jersey mu 1995, Pat Burns ndi New Jersey yomweyo mu 2003, Julien ndi Boston mu 2011.

Onani za Dominique Ducharme. Mu 2021 anafikitsa timu m'ndime yotsiriza, nagonja kwa Tampa Bay. Mu February 2022 anachotsedwa timu itapambana masewera 8 okha mwa 45. Sikuti m'miyezi 7 anaiwala hockey. Kaputeni Shea Weber sanasewerenso, goloboyi Carey Price anali kunja pafupifupi nyengo yonse, wakutsogolo Phillip Danault anali atapita ku Los Angeles.

Wina anganene kuti Martin St. Louis, amene analowa m'malo mwake, nayenso anali asanaphunzitsepo timu ya akuluakulu. N'zoona. Koma akuluakulu oyendetsa timu Jeff Gorton ndi Kent Hughes sanamupatse timu yoti itenge chikho chaka chomwecho. Anamupatsa anyamata monga Nick Suzuki ndi Cole Caufield kuti awakulitse, ndipo timu itathera pansi m'gulu lake nyengo zitatu motsatizana sanamuchotse. Mu 2025 Montreal inabwerera m'chipulula, inagonja kwa Washington m'ndime yoyamba, St. Louis akadali pa benchi.