Mahabalipuram kapena Mamallapuram: tauni imodzi, mayina awiri

Pafupifupi makilomita 60 kummwera kwa Chennai, m'boma la Tamil Nadu ku India, kuli katauni ka m'mbali mwa nyanja komwe alendo ambiri amakatchula kuti Mahabalipuram pomwe boma limalemba kuti Mamallapuram. Mawu akuti "puram" amatanthauza mudzi kapena mzinda. Nkhani yagona pa mawu oyambirirawo, chifukwa limodzi ndi dzina la mfumu ya m'nthano, linalo ndi la mfumu yomwe inakhalakodi.

Ya m'nthanoyo ndi Mahabali. Ahindu amasimba kuti anali wowolowa manja komanso wamphamvu mpaka milungu inayamba kumuopa. Mulungu Vishnu anadzisandutsa kamunthu kakafupi kotchedwa Vamana n'kukapempha malo okwana mapazi atatu okha. Mphunzitsi wa mfumuyo, Shukra, anaichenjeza kuti pali chinyengo, koma mfumu inati singabweze mawu. Pomwepo kamunthu kaja kanakula. Phazi loyamba linakuta dziko lonse, lachiwiri kumwamba konse. Lachitatu linasowa popondapo, ndiye Mahabali anapereka mutu wake ndipo anakankhidwira kudziko la pansi. Chithunzi cha Vishnu atakweza mwendo m'mwamba chinagobedwa pakhoma la kachisi wa m'phanga wa Varaha m'tauni momwemu, ndipo n'chifukwa chake nthanoyi imamveka ngati ndi ya pamalopo. Koma nkhaniyi si ya tauniyi yokha. Ku Kerala, boma lina la ku India, nako amati Mahabali anali mfumu yawo, ndipo amamukumbukira chaka chilichonse pa chikondwerero cha Onam.

Mbiri yolembedwa ikuloza kwa Narasimhavarman I wa ufumu wa Pallava, yemwe likulu lake linali Kanchipuram. Analamulira kuyambira cha m'ma 630 mpaka 668, ndipo mu 642 analanda Vatapi, likulu la mafumu a Chalukya. Dzina lake laulemu linali Mamalla, kutanthauza ngwazi ya masewera ogwetsana. Mamallapuram ndiye kuti mzinda wa Mamalla.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: Mamalla sanayambitse mudziwu. Doko linalipo iye asanabadwe, ndipo nyimbo zakale zachipembedzo za m'Chitamil zimatchula malowa kuti Mallai kapena Kadalmallai, pomwe "kadal" ndi nyanja. Thirumangai Alvar, woyimba wa m'zaka za m'ma 700, anayimba za zombo zolemedwa ndi chuma padokoli pogwiritsa ntchito dzina lomweli la Kadalmallai. Choncho mwina dzina la mfumu linangokhala pamwamba pa dzina lakale lomveka mofanana nalo.

Nanga Mahabali analowamo bwanji? Kufotokoza komwe kumamveka bwino n'kwa lilime. M'Chitamil Mahabali amamutchula kuti Mavali. Munthu akatchula Mamallapuram mofulumira, sipatali ndi Mavalipuram, ndipo ufumu wa Pallava utatha cha kumapeto kwa zaka za m'ma 800, Mamalla anaiwalika pomwe Mavali aliyense ankamudziwa. William Chambers, Mngelezi yemwe nkhani yake ya mabwinjawa inasindikizidwa mu 1788, anapeza dzina la Mavalipuram likugwira ntchito kale pamodzi ndi nthano zake.

Amalinyero a ku Ulaya anali ndi dzina lawolawo, Seven Pagodas, kutanthauza akachisi 7. Anthu a m'tauniyi ankati mulungu Indra anachita nsanje ndi kukongola kwa mzindawo n'kuumiza m'nyanja, kusiya kachisi mmodzi yekha. Ameneyo ndi Shore Temple, womangidwa ndi Narasimhavarman II cha m'ma 700 mpaka 728. Pa 26 December 2004, nyanja itabwerera m'mbuyo mafunde a tsunami asanafike, anthu anaona mizere ya miyala pansi pomwe pamakhala madzi. Izi zikusonyeza kuti nyanja inamezadi zomanga zina, koma sizitsimikizira kuti akachisiwo anali 7 ndendende. Bungwe la UNESCO, poika zipilala za malowa m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, linalemba dzina la Mahabalipuram.