Kubwerera ku mpikisano wothamanga mutapuma nthawi yaitali

Mpikisano ukangolengezedwa, kaya ndi wa Be More ku Lilongwe kapena wa makilomita 42 ku Blantyre, anthu amene anasiya kuthamanga kalekale amayamba kusolola nsapato zawo kunsi kwa bedi. Ena anasiya chifukwa cha ntchito, ena uchembere, ena matenda. Uthenga uno ndi wanu ngati mwatha miyezi itatu kapena kuposerapo osathamanga, ndipo mtima wayambanso kulakalaka msewu.

Obwerera ambiri amavulala chifukwa chokumbukira zakale. Mutu ukudziwabe kuti makilomita 10 munkawamaliza ola lisanakwane, koma miyendo inaiwala. Ndiye pali chinthu china chonyenga: ziwalo sizibwerera nthawi imodzi. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, moti pakatha masabata atatu kapena anayi wefuwefu uja amachepa, n'kumadzimva kuti mwabwereramo. Mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku fupa zimalimba mochedwa, zimafuna miyezi. Nthawi yoopsa ndi imeneyi, mpweya ukukwana koma mwendo usanakhwime. Munthu amawonjezera mtunda, amawonjezera liwiro, kenako m'mawa wina akutsika pabedi chidendene chikulasa ngati waponda msomali.

Musanayambe, pitani kuchipatala

Kayezetseni BP, ngakhale mukudzimva kuti muli bwinobwino. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akulu atatu aliwonse m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe. Ngati BP ikufika 140/90 kapena kuposa, kambiranani ndi adokotala musanayambe zolimba. Chitaninso chimodzimodzi ngati muli ndi matenda a shuga, a mtima kapena a impso, ngati munakomokapo pochita masewera, kapenanso ngati wachibale wanu anamwalira mwadzidzidzi ndi mtima akadali wamng'ono.

A mphumu amathamanga ndithu, bola mankhwala opopera akhale m'thumba. Amene amamwa mankhwala a shuga kapena kubaya insulin asanyamuke opanda maswiti, chifukwa shuga amatha kutsika panjira. Kumwa ma ARV sikuletsa munthu kuthamanga. Amayi amene angobereka adikire miyezi itatu, akuyenda ndawala kaye. Ngati mkodzo ukudontha mukamathamanga, musachite manyazi, auzeni azaumoyo: pali masewera olimbitsa minofu ya m'chiuno amene amathandiza.

Kayambidwe kake

Sabata yoyamba ingoyendani ndawala, mphindi 30 patsiku. Kenako sakanizani: thamangani mphindi imodzi, yendani ziwiri, mobwerezabwereza mpaka mphindi 20 kapena 30. Chitani zimenezi katatu pasabata, kusiya tsiku lopuma pakati, chifukwa fupa limalimba tsiku lopumalo. Sabata iliyonse wonjezerani pang'ono nthawi yothamanga. Liwiro lake likhale loti mukhoza kucheza ndi mnzanu osadula mawu. Inde, anyamata a kabaza akusekani poona munthu wovala zothamangira akuyenda ngati akupita kuchigayo. Alekeni aseke. Akulu anati kuthamanga sikufika.

Musawonjezere mtunda ndi liwiro sabata imodzi. Zitunda nazo zidikire. A ku Blantyre ndi ku Zomba, kumene msewu wopanda zitunda ndi wosowa, yendani pokwera ndi potsika pomwe mwezi woyamba. Bwalo la mpira la pasukulu ndi poyambira pabwino, popanda magalimoto komanso popanda kupendekeka kwa m'mphepete mwa phula. Kawiri pasabata imani pa sitepe ya pakhonde, nyamukani ndi zala za kuphazi n'kutsika pang'onopang'ono ka 15, kenako njutani ndi kudzuka kangapo. Zimalimbitsa akatumba ndi ntchafu.

Mpikisano woyamba ukhale wa makilomita 5, mutakonzekera masabata 8 mpaka 12. Wa makilomita 21 udzakupezani chaka chamawa.

Nsapato zimene zakhala zaka m'katoni zimauma mkati ngakhale kunja zikuwala. Za pakaunjika zilibe vuto, koma zitembenuzeni muone kunsi: ngati zinadyeka mbali imodzi, mwiniwake woyamba anazimaliza kale. Pamsewu thamangani kudzanja lamanja, moyang'anizana ndi magalimoto, ndipo mbandakucha valani zowala.

Ululu wabwino ndi woipa

Kuphwanya kwa minofu ya miyendo yonse iwiri, kumene kumakula pa tsiku lachiwiri n'kutha pakokha, n'kwachibadwa. Woipa ndi ululu wokhala malo amodzi pafupa, pamsongolo kapena paphazi, oti mukhoza kuloza ndi chala chimodzi, umene umakula mukamathamanga kapena mukadumpha ndi mwendo umodzi. Likhoza kukhala fupa layamba mng'alu. Siyani kuthamanga, pitani kuchipatala, ndipo dziwani kuti X-ray imatha kusaonetsa kanthu masabata oyambirira. Ululu uliwonse wokutsimphinitsani ndi wofunika kupuma.

Thupi likatentha musathamange, kaya ndi malungo kapena chimfine. Malizani mankhwala, mphamvu zibwerere, n'kuyambiranso pang'ono. Ndalama yolembetsera mpikisano ikapita ipite.

Tsiku la mpikisano

Musayese chachilendo: nsapato zatsopano ayi, chakudya chosazolowera ayi. Phala, buledi kapena nthochi maola awiri kapena atatu musananyamuke n'zokwanira. Musamwe Brufen kapena diclofenac pofuna kutseka ululu musanathamange. Thupi likauma ndi thukuta, mankhwalawa amatha kuwononga impso. Madzi imwani mukamva ludzu, osati kudzikakamiza pa tebulo lililonse, chifukwa madzi ochulukitsa amasungunula mchere wa m'magazi, ndipo zimenezi zimapha. Pa mtunda wautali, makamaka dzuwa la Okutobala ndi Novembala, Thanzi ORS amabwezera mchere wotuluka ndi thukuta. Yambirani kumbuyo kwa gulu, kilomita yoyamba muipite mofatsa ngakhale anzanu akale akukusiyani.

Imani nthawi yomweyo n'kuitana achipatala mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wotsikira kumkono kapena kunsagwada, chizungulire, mtima kugunda modumphadumpha, kapena kubanika kosagwirizana ndi liwiro lanu. Mukaona mnzanu akudzandira, akulankhula zosamveka, thupi lili moto, mugonekeni pamthunzi, muthireni madzi ozizira thupi lonse ndi kumukupiza pamene ena akuitana ambulansi. Ngati sakuzindikira bwino, musamumwetse kanthu. Ndipo mukafika kunyumba n'kuona mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, minofu ikupweteka modetsa nkhawa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.