Namwino akamayeza mtima ndi BP, amafuna kuona chiyani?

Anthu ambiri amatuluka m'chipinda choyezera ali ndi manambala awiri m'buku lawo la kuchipatala, koma osadziwa chimene namwino wapeza. Kuyeza mtima kuli ndi ndondomeko yake, ndipo mbali yaikulu ya ndondomekoyo imadalira wodwala mwiniwake: mmene wakhalira pampando ndi zimene wayankha.

Ndabwera kudzayezetsa BP. Bwanji akundiuza kuti ndiyambe ndapuma kaye?

Mwangotsika panjinga kapena mwayenda mtunda wautali, ndiye mtima ukadali pa liwiro. Lamulo lake ndi loti mukhale phee kwa mphindi 5, mutatsamira mpando, mapazi onse ali pansi, mkono utagona patebulo molingana ndi pamene pali mtima. Musasute fodya kapena kumwa khofi patatsala mphindi 30 kuti muyezedwe, ndipo ngati mkodzo wakugwirani, katayeni madzi kaye. Makina akamapopa musayankhule, ngakhale kuyankha moni. Lamba womanga pamkono nayenso akhale wokukwanani: wamng'ono pamkono waukulu amaonetsa BP yokwera pamene sinakwere.

Nanga manambala awiriwa akutanthauza chiyani?

Tinene kuti alemba 120/80. Nambala yapamwamba ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha pamene mtima wafinya. Yapansi ndi mphamvu yotsala pamene mtima ukupuma usanagundenso. Kwa munthu wamkulu, 140/90 kapena kuposa apo ndi BP yokwera. Komabe kuyeza kwa tsiku limodzi sikokwanira kuti munthu atchedwe wodwala BP. Malangizo a bungwe la WHO amati ipezeke yokwera pamasiku awiri osiyana, n'chifukwa chake amakupatsani tsiku lobweranso. Ikafika 180/110, namwino sakubwezani kunyumba musanaonane ndi dokotala.

Dzina lakuti kuthamanga kwa magazi, limene timatchulira BP yokwera, limasokoneza ena. Sikuti magazi achuluka m'thupi ayi. Munthu angathe kukhala wochepa magazi, BP yake n'kukhalanso yokwera.

Ine sindikumva kupweteka paliponse. Ndiyezetserenji?

BP yokwera kawirikawiri siipweteka mutu, siichititsa chizungulire, imangowononga mtima, impso, maso ndi ubongo mwakachetechete. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Ena amadzaidziwa tsiku limene afa ziwalo.

Makina alipo, nanga amandigwiranso padzanja chifukwa chiyani?

Zala za namwino zimamva zimene makina amaphonya. Akuwerenga kugunda kwa mtima, kumene kwa wamkulu amene wapuma kumakhala 60 mpaka 100 pa mphindi, komanso akumvetsera ngati kukugunda mwamphamvu kapena mofooka, motsatana bwino kapena modumphadumpha. Kukakhala kodumphadumpha amawerenga mphindi yathunthu, chifukwa mtima wogunda mosalongosoka umatha kuundanitsa magazi amene amakatseka mtsempha wa ku ubongo n'kuyambitsa sitiroko. Mtima wothamanga si nthawi zonse umasonyeza matenda a mtima: malungo, kuchepa magazi, kutha madzi m'thupi ndi kutaya magazi pobereka zonse zimauthamangitsa.

Anandifunsa kuti ndimagona ndi mapilo angati. Zikugwirizana bwanji ndi mtima?

Funso limeneli ndi lofunika kuposa mmene limamvekera, ndipo ndimadandaula kuti ambiri amaliyankha moseka. Mtima ukafooka, sutha kukankha magazi onse amene akubwera, ndiye madzi amayamba kudikha m'mapapo ndi m'miyendo. Munthu wotere akagona chagada amabanika. Amasanjikiza mapilo kapena zovala kumutu, pena amagona chokhala atatsamira khoma, pena amadzidzimuka pakati pa usiku kukatsegula zenera kufuna mpweya. Namwino adzafunsanso kuti mumayenda mtunda wotani befu lisanakugwireni. Musangoti "ndimatopa". Nenani kuti chaka chatha mumalima mizere ingati ndipo pano mumalekeza pati, kapena kuti kuchoka kumjigo ndi ndowa mumapuma kangati.

Akatero amadina chala pamsongolo kapena pakakolo. Pakatsala kadzenje kochedwa kubwerera, ndiye kuti pali madzi. Amakugonekani mutu utakwezedwa n'kuyang'ana mitsempha ya m'khosi ngati yafufuma, amamvetsera kumsana ngati mapapo akuthetheka, ndipo amakukwezani pa sikelo ulendo uliwonse, pakuti madzi amaonekera pa sikelo asanaonekere m'maso. Makilogalamu 2 owonjezereka m'masiku ochepa si kunenepa.

Kwathu kuno munthu akatupa miyendo, kutsokomola ndi kumva chifuwa, pabanja pamayamba nkhani ya mdulo kapena kuponda mankhwala. Zokambiranazo zisamuchedwetse wodwala pakhomo. Kutupa kumachokeranso ku impso kapena chiwindi, ndipo kusiyanitsa kwake kumafuna kuyeza.

Amanditsegula chikope n'kufinya chikhadabo. Akuyang'ana chiyani?

Mkati mwa chikope ndi m'zikhatho mukayera, magazi ndi ochepa. Chikhadabo akachifinya chimayera, ndipo chiyenera kufiiranso pasanathe masekondi 2 kapena 3. Chikachedwa, manja n'kuzizira, magazi sakuyenda bwino. Kachipangizo kopanira kuchala kamayeza mpweya wa okosijeni m'magazi, umene kwa munthu wabwinobwino umakhala 95 kupita m'mwamba.

Mwana wanga amuuza kuti mtima wake uli ndi phokoso. Mwana angadwale mtima?

Inde. Mtima wabwino umamveka mawu awiri oyera, a timavalavu (tizitseko ta mkati mwa mtima) tikamatseka. Pakati pake pakamamveka kufwenthera, mwina valavu ikudontha kapena yapanikizika, ngakhale kuti ana ena amakhala ndi kaphokoso kosaopsa. Ena amabadwa ndi vutolo. Koma ana ambiri a msinkhu wa sukulu amalitenga ku zilonda zapakhosi zoyamba ndi mabakiteriya zimene sizinalandire mankhwala. Pakapita milungu ingapo mfundo zimatupa ndi kupweteka, lero bondo, mawa chigongono, ndipo nthendayo ikamabwerezabwereza imawononga mavalavu. N'chifukwa chake namwino amafunsa za khosi ndi mfundo. Chotsimikizira ndi kuunika mtima pa makina a echo, kumene kumachitika ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mwana akapezeka nayo amabayidwa jakisoni wa benzathine penicillin milungu 4 iliyonse kwa zaka zambiri. Jakisoniyo amawawa, koma kumudumphitsa n'kutsegulira nthendayo khomo.

Kusikelo amayeza BP ulendo uliwonse. Si kubwereza kodi?

Ayi. Pakati pakakwana milungu 20, BP ingathe kukwera mwa mayi amene sanadwalepo, ndipo mapeto ake ndi kukomoka ngati wakhunyu. Amayezanso mkodzo. Mutu waukulu, kuona nyenyezi, kutupa nkhope ndi manja: pitani tsiku lomwelo.

BP yatsika. Ndisiye mankhwala?

Yatsika chifukwa cha mankhwalawo. Hydrochlorothiazide, amlodipine ndi enalapril amaigwira BP kuti isakwere, sachotsa nthenda. Ngati mwadumphitsa masiku, kapena mukumwa azitsamba, muuzeni namwino zoona. Mukabisa, adzaganiza kuti mankhwala akuchepa mphamvu n'kupempha dokotala kuti awonjezere. Enalapril amatsokomoletsa ena chifuwa chouma, ndipo ndi woletsedwa kwa mayi woyembekezera. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa m'nsomba zothira mchere ndi timakyubu tokometsera ndiwo. Soda wa mu therere nayenso amagwira thupi ngati mchere.

Ndi liti pamene sindiyenera kudikira pamzere?

Pamene chifuwa chikupanikiza ngati mwasanjikidwa mwala, ululu n'kumafika kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, thukuta likutuluka, pamene mukubanika mutangokhala, pamene mwakomoka, kapena pamene kamwa lapotoka, lilime likulemera, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka. Womuperekeza wodwala apite kutsogolo akauze namwino pompo, ndipo anene nthawi yeniyeni imene zinayambira.