Nkhuku zikatha m'mudzi, kodi mlandu ndi wa mbalame zakutchire?

Kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ife a zaziweto timafunsidwa funso limodzimodzi kulikonse komwe tafika: nkhuku zatha m'mudzi muno, matendawa abwera ndi chiyani? Ofunsawo nthawi zambiri amakhala ndi yankho lawo kale. Ena amati ndi mphepo ya nyengo ino. Ena amaloza akakowa otsata ng'ombe kudambo, ena njiwa ndi mpheta zomwe zimatola madeya limodzi ndi nkhuku pabwalo. Akatswiri a sayansi akhala akulondola nkhaniyi kwa zaka pafupifupi 100, ndipo yankho lawo lili pawiri, chifukwa matenda opululutsa nkhuku motere alipo awiri. Pamaso amafanana kwambiri, koma njira zomwe amayenda ndi zosiyana.

Oyamba ndi omwe tonse tikuwadziwa, chitopa, ena amati chideru. Madokotala a ziweto adawazindikira koyamba mu 1926 pachilumba cha Java ku Indonesia ndi pafupi ndi mzinda wa Newcastle upon Tyne ku England. Amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vayirasi, n'chifukwa chake makapisozi omwe anthu amatsukuluzira m'madzi a nkhuku sachita kanthu: mankhwala amenewo amapha mabakiteriya basi. Amene adaonapo chitopa sayiwala. Nkhuku imaima pamalo amodzi itagwetsa mapiko, ikuodzera, ikupuma ndi kukamwa koyasama, chitosi chili chamadzi chobiriwira. Yomwe yapirira masiku angapo khosi limapindika, mutu n'kuyang'ana kumwamba, n'kumazungulirazungulira osatha kujompha ngakhale njere imodzi. Kachilomboka kakakhala kaukali, khola losalandira katemera limatha kutheratu.

Tsono ofufuza amadziwa bwanji komwe kachokera? Amatchera maukonde m'madambo ndi m'mbali mwa nyanja, kugwira mbalame zamoyo, kupukuta kukhosi ndi kotulukira chitosi ndi kathonje ka pakamtengo, kenaka n'kuziulutsa. Kwina amangotola zitosi zatsopano pomwe abakha agona usiku. Zomwezo amachita ndi nkhuku za m'misika ndi za m'midzi. Ku labotale amawerenga chibadwa cha kachilombo kalikonse, ndipo popeza tizilomboti timasintha pang'onopang'ono tikamaswana, amatha kulondola mtundu wake monga momwe agogo amalondolera chibale: uyu ndi mwana wa uje, adachokera kwakuti. Kachilombo kopezeka mu nkhuku yakufa kakafanana ndi ka pamsika wa makilomita 50 kuchoka pamenepo, koma kosiyana kutali ndi ka abakha akudambo loyandikana, mwini mlandu amadziwika.

Zomwe kafukufuku wotere waonetsa m'maiko ambiri ndi izi. Mbalame zakutchire zimakhala nako kachilombo ka mtundu wa chitopa, koma kawirikawiri ndi kofooka, kosapha nkhuku. Pali zopatuka zingapo. Nkhunda zili ndi mtundu wawowawo, ndipo mu 1984 ku Britain nkhuku za m'mafamu zidadwala zitadya chakudya chomwe nkhunda zidaipitsira zitosi m'nyumba zosungiramo katundu. Ku North America, mphipi, mbalame zakuda zomira pogwira nsomba zija, zidafa zambiri ndi chitopa chaukali mu 1990 ndi 1992. Koma chitopa chomwe chimasesa midzi yathu chaka ndi chaka kwawo ndi mwa nkhuku zomwe. Ofufuza ena adapezanso tizilombo ta katemera wa nkhuku mwa mbalame zakutchire, kusonyeza kuti kangapo konse ulendo umachoka kukhola kupita kutchire.

Njira yeniyeni ya chitopa ndi yomwe timaiona tsiku la msika. Kachilombo kakalowa m'thupi, nkhuku imaoneka yabwinobwino kwa masiku pafupifupi 5 kapena 6, nthawi zina mpaka milungu iwiri, ndipo imayamba kufalitsa isanaoneke kuti yadwala kwenikweni. Mayi akaona kuti nkhuku ziwiri zafa m'mawa, amaganiza mwachangu: zotsalazi ndigulitse zisanandifere. Sindimuweruza, pakuti nkhuku zimenezo ndiye fizi ya mwana ndi ndalama ya kuchigayo. Wavenda amazimanga miyendo, kuziika m'dengu kumbuyo kwa njinga pamodzi ndi za m'midzi ina itatu, zikupumirana ndi kuipitsirana njira yonse. Wogula amapita nayo kwawo ngati msoti woti aziweta, kapena tambala wokapereka kuchinkhoswe, n'kuimasula pabwalo madzulo omwewo. Yodwala ikaphedwa kuti ikhale ndiwo, nthenga ndi matumbo zimatayidwa kudzala komwe nkhuku zinzake zimakapalasa, galu n'kukokera mutu wake kwa aneba. Palibe kakowa amene walowererapo paulendo wonsewu.

Mankhwala ochiza chitopa kulibe, koma katemera alipo, ndipo mbiri yake ndi imodzi mwa ntchito za sayansi zomwe ndimazilemekeza kwambiri. Akatemera akale adapangidwira mafamu akuluakulu okhala ndi mafiriji, m'mabotolo a nkhuku 1,000. Mlimi wa nkhuku 12 wokhala kutali ndi magetsi analibe nawo gawo. Ku yunivesite ya Queensland ku Australia, Peter Spradbrow ndi anzake adatenga kachilombo ka chitopa kofooka, kosadwalitsa, n'kumasankha mobwerezabwereza tokhato topirira kutentha, mpaka adapeza katemera wotchedwa I-2. Mbewu yake adaipereka kwaulere kumaiko osauka kuti azidzipangira okha. Ku Mozambique dokotala wa ziweto Robyn Alders adagwira ntchito yayikulu yoonetsa kuti anthu wamba a m'midzi, amayi ambiri mwa iwo, angathe kuphunzitsidwa kutemera bwino lomwe. Kuno kwathu katemerayu amapangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, pomeretsa kachilomboko m'mazira okhala ndi mwanapiye mkati.

Kaperekedwe kake ndi dontho limodzi m'diso, kwa mwanapiye ngakhale kwa tambala wamkulu. Anthu amadabwa kuti bwanji m'diso. Kuseri kwa diso la mbalame kuli kachiwalo kodzaza ndi asilikali a m'thupi, ndipo dontho lija limatsikiranso m'mphuno ndi kukhosi, momwe chitopa chenicheni chimalowera. Gwirani mutu chammbali, donthezani, dikirani nkhuku iphethire dontho lilowe musanaisiye. Chitetezo chimakhwima pakatha sabata imodzi kapena awiri ndipo chimayamba kuchepa pakadutsa miyezi inayi, n'chifukwa chake katemera amaperekedwa katatu pachaka, makamaka mu Malichi, Julayi ndi Novembala. Cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri ndi kuthamangira katemera nkhuku zitayamba kale kufa. Pamenepo zambiri zimakhala zitatenga kale, zimafabe, ndipo mudzi wonse umatsimikiza kuti katemera ndiye wazipha. Nkhanga zidapangana kusanapse. Dziwaninso kuti kupirira kutentha sikutanthauza kuti botolo lingakhale padzuwa kapena m'thumba la malaya tsiku lonse: likachoka mufiriji likulungeni m'kansalu konyowa, liyende m'dengu lopita mphepo, ndipo tsatani masiku olembedwa pabotolopo.

Matenda achiwiri, chimfine cha mbalame, nkhani yake ndi ina, ndipo apa mbalame zakutchire zilimo ndithu. Abakha, atsekwe ndi mbalame zina za m'madzi ndiwo eni ake a tizilombo ta chimfine kuyambira kalekale. Tizilomboti timakhala m'matumbo mwawo, timatuluka ndi zitosi kulowa m'madzi, ndipo nthawi zambiri mbalameyo siidwala n'komwe. Ofufuza a pa yunivesite ya Zambia, Edgar Simulundu ndi anzake a ku Hokkaido ku Japan, adapeza tizilombo tofooka totere m'zitosi za mbalame za m'madzi ku Lochinvar National Park, kuphatikizapo za vuwo. Vuto limadza mitundu iwiri, H5 ndi H7, ikalowa m'khola la nkhuku zambiri zothithikana. Kumeneko kachilombo kamadumpha kuchoka pa nkhuku iyi kupita pa iyo kambirimbiri, ndipo kangathe kusintha n'kuyamba kuswana m'thupi lonse, m'mapapo, mumtima mpaka muubongo, osati m'matumbo mokha. Ukali umabadwira m'khola, kenaka umatha kubwerera kutchire.

Ndi zomwe zidachitika ndi mtundu wa H5 wotchedwa H5N1. Adapezeka mwa atsekwe oweta m'chigawo cha Guangdong ku China mu 1996. Mu 1997 ku Hong Kong anthu 18 adadwala, 6 adamwalira, ndipo boma lidapha nkhuku zonse za kumeneko, zoposa miliyoni imodzi. Mu 2005 mbalame zakutchire zoposa 6,000 zidafa panyanja ya Qinghai ku China, ndipo pofika Febuluwale 2006 matendawa anali atafika ku Nigeria. Mbale wake, H5N8, adapha mbalame za m'mbali mwa nyanja ya Victoria ku Uganda mu Januwale 2017, ndipo pakati pa chaka chomwecho adalowa m'mafamu a ku Zimbabwe ndi South Africa. Abale athu okhala ku Johannesburg akukumbukira kusowa ndi kukwera mtengo kwa mazira mu 2023 chifukwa cha chimfine cha mbalame. Chaka chomwecho, mu Okutobala, matendawa adapezeka ku Morrumbene ku Mozambique, ndipo nkhuku zoikira pafupifupi 45,000 zidaphedwa n'kukwiriridwa. Nkhuku zimenezo zinali zitagulidwa kuchokera ku South Africa. Choncho ngakhale pa chimfine, galimoto yonyamula nkhuku imatha kuchita zomwe timanenera mapiko a mbalame.

Ife nkhaniyi ikutikhudza chifukwa cha malo ngati nyanja ya Chilwa, yomwe idalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 1997, ndi Elephant Marsh kuchigwa cha Shire. Kumeneko kumafika mbalame zochokera ku Europe ndi Asia m'nyengo ya dzinja lathu, kusakanikirana ndi zakonkuno. Mabanja ambiri a ku Chilwa amadalira kutchera mbalame, makamaka chaka chomwe nsomba zavuta, ndipo mbalamezo zimasosoledwa pakhomo pomwe abakha ndi nkhuku zikuyenda. Ena akamva izi amati ndiye tiziphe kapena kuzipirikitsa. Mabungwe a padziko lonse oona za ulimi ndi umoyo wa ziweto, FAO ndi WOAH, amakaniza zimenezo, ndipo ine ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse: gulu la mbalame zodwala mukalibalalitsa mwafesa matenda m'madambo ena, ndipo amene akuzigwirawo ndiye mwawaika pangozi. Chothandiza ndi kulekanitsa. Abakha oweta omwe amakasambira kudambo asagone khola limodzi ndi nkhuku, pakuti bakha amatha kunyamula matenda onse awiriwa iye akuoneka wathanzi. Nkhuku zimwe madzi a pamjigo. Nkhuku yatsopano, kaya yogula kaya yamphatso, ikhale payokha milungu iwiri.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ngakhale dokotala wa ziweto wazaka zambiri pantchito sangathe kusiyanitsa chitopa chaukali ndi chimfine cha mbalame ndi maso okha. Zonse zimapha mwadzidzidzi, zimatupitsa mutu, zimapinda khosi. Koma kwa munthu n'zosiyana kwambiri: chitopa chikam'khudza munthu chimangofiiritsa maso kwa masiku ochepa, pomwe H5N1 wapha anthu mazanamazana kuyambira 2003, ambiri mwa iwo atagwira kapena kusosola nkhuku zodwala. M'mudzi momwe nkhuku zimafa chaka chilichonse, tsiku lomwe chimfine chidzalowe aliyense adzangoti chitopa chabweranso, n'kutereka madzi ososolera. M'mudzi momwe nkhuku zonse zimalandira dontho lija katatu pachaka, imfa yotere imadabwitsa, ndipo wina amathamangira kwa mlangizi. Katemera wa chitopa sateteza ku chimfine, koma amachititsa kuti chimfine chionekere msanga.

Ndiye nkhuku zotemera bwino zikayamba kufa zambiri m'masiku awiri kapena atatu, kapena mukaona mbalame za m'madzi zitafa mulu m'mbali mwa nyanja, musazidye, musazigulitse, ndipo ana asaseweretse. Uzani mlangizi wa ziweto kapena ofesi ya zaulimi tsiku lomwelo, chifukwa nyama ikayamba kuwola padzuwa la Okutobala labotale imavutika kupezamo kachilombo. Imodzi kapena ziwiri zomwe zangofa kumene muzitole mutavala jumbo kumanja, muziike m'jumbo ina n'kumanga, muzisunge pamthunzi kudikira oyeza. Zotsalazo zikwiriridwe m'dzenje lakuya lomwe galu sangafukule, ndipo wogwira ntchitoyo asambe m'manja ndi sopo asanakhudze chakudya.