Ampulifaya ya mavalavu ikasasa mawu, musayambe ndi kugula mavalavu

Amene amagula ampulifaya ya gitala ya mavalavu, timababu tagalasi timene timakuza mawu, amafuna kamvekedwe kake kosasa mokoma ukaikweza, kamene oimba gitala amati distortion. Marshall ya mavalavu a EL34, Vox AC30 ya ma EL84 anayi, Fender Deluxe Reverb ya ma 6V6 awiri, zonsezi zinatchuka nako. N'chifukwa chake munthu akabwera kudzakonzetsa ndimayamba ndamufunsa kuti kusasaku kumamveka voliyumu ili pati. Ampulifaya ya mawati 22 imene mwaikweza kuti ipikisane ndi ng'oma m'holo yaikulu isasa basi, ndipo palibe chawonongeka. Chimodzimodzinso mukakweza Bass mpaka kumapeto: manoti apansi amangoti bwaa, kuphwanyika, ndipo mankhwala ake n'kungobweza kabataniko. Vuto lenileni ndi pamene mawu amene anali oyera ayamba kuthetheka, kukhwekhwereza kapena kudukaduka voliyumu ili pansi pomwe.

Ambiri akamva zimenezi amati mavalavu atha. Nthawi zina n'zoona, koma mavalavu ndi odula, amachita kuitanitsa kunja, ndipo kuwasintha onse nthawi imodzi sikukuuzani chimene chinalakwika. Yambani ndi zakunja zotsika mtengo, ndipo muzisintha chinthu chimodzi chokha musanamvetserenso.

Chotsani ma pedal onse, timabokosi toponda ndi phazi tosinthira kamvekedwe ka gitala, mulumikize gitala mwachindunji ndi waya wina amene mukudziwa kuti ndi wabwino. Batire la mavolti 9 likamatha mu pedal, kapena mu gitala ya mapikapu (tizida totola mawu a nsambo) oyendera batire monga a EMG, mawu amaphwanyika moipa mukamenya nsambo mwamphamvu. Zimandimvetsa chisoni munthu akalipira galimoto kunyamula chiampulifaya cholemera pamene wolakwa ndi batire. Kenako yang'anani kumbuyo ngati kuli majeki awiri olembedwa Send ndi Return. M'kati mwake muli tizitsulo timene timakhudzana mukapanda kulowetsamo kanthu, ndipo mawu onse amadutsa pamenepo. Fumbi ndi dzimbiri zikalowapo, mawu amachepa, kusasa, kenako n'kubwerera okha. Lumikizani majeki awiriwo ndi kawaya kafupi. Mawu akayera, mwalipeza vuto, ndipo mankhwala opopera otsukira majeki ndi okwanira.

Sipika nayo imanamiza anthu. Ngati kukhwekhwerezako kumabwera pa manoti ena okha, makamaka apansi, zimitsani ampulifaya, muike zala mozungulira pakati pa pepala la sipika n'kukankha pang'onopang'ono. Iyenera kulowa ndi kubwerera mwakachetechete. Mukamva kukanda, koyilo ya waya ya m'kati mwa sipika yapindika kapena yapsa. Onaninso ngati pepalalo lang'ambika m'mphepete, ndiponso gwirani thabwa lakumbuyo wina akuimba, poti sikuluwu yomasuka imanjenjemera mofanana kwambiri ndi vuto la m'kati. Mukafuna kuyesera pa sipika ina, ikhale ya ma ohm ofanana ndi amene alembedwa pa jeki, kaya 4, 8 kapena 16. Apa pali lamulo limene sindilola kuti liphwanyidwe: musaimbe pa ampulifaya ya mavalavu sipika isanalumikizidwe. Mphamvu yosowa kopita imabwerera mu thiransifoma yotulutsa mawu n'kuiboola m'kati, ndipo imeneyo ndi imodzi mwa zida zodula kwambiri m'bokosi lonselo.

Musaiwale magetsi. Athu kuno ndi a mavolti 230, ndipo ampulifaya yochokera ku America ya mavolti 120 imafuna thiransifoma yotsitsa magetsi yamphamvu zokwanira. Pa ukwati kapena pa msonkhano wa mpingo, pamene jenereta imodzi ikudyetsa zokuzira mawu zonse kudzera pa waya wautali wowonda, magetsi amatsika. Timawaya totenthetsa mavalavu timafuna mavolti 6.3, ndipo tikalandira ochepa, pamodzi ndi magetsi akulu a m'kati amene atsikanso, ampulifaya imasasa msanga. Ngati kunyumba imalira bwino, siikudwala.

Tsopano tifike pa mavalavu. Ang'onoang'ono aja, ambiri ndi 12AX7, amene ku Ulaya amalembedwa ECC83, amakhala zaka zambiri. Ampulifaya ili chiyakire, gogodani lililonse pang'ono ndi pensulo, mbali ya rabala. Kakulira pang'ono n'kachibadwa, koma limene likuti ngwee mu sipika kapena kuyambitsa kuthetheka ndiye lokayikitsa. Zimitsani, mudikire azizire, ndipo muike valavu limodzi labwino m'malo mwa loyamba, lapafupi ndi polowetsa gitala. Mvetserani. Ngati palibe kusintha, bwezeranimo lakale mupite pa lotsatira. Nthawi zina kungolizula ndi kulibwezera kumathetsa vuto, chifukwa ampulifaya yoyenda pa lole m'misewu ya mabampu imamasuka miyendo ya mavalavu m'masoketi.

Maso amathandizanso. Pagalasi la valavu pali banga lonyezimira ngati siliva. Likasanduka loyera mbuu, mpweya walowa ndipo valavulo lafa. Kuwala kwa buluu pagalasi la mavalavu akuluakulu, monga EL34 ndi 6V6 aja, kusakuopseni. Choopsa ndi chitsulo chotuwa cha m'kati, chimene timati puleti, chikafiira psuu. Mukaona zimenezo zimitsani pompo.

Mavalavu akuluakulu ndi amene amatopa msanga, ndipo apa m'pamene pali nkhani ya bias, imene ambiri amaidumpha. M'maampulifaya ambiri mavalavuwa amagwira ntchito mbali ziwiri molandizana, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi, wina akatsitsa munsi wina akukweza. Mbali imodzi imanyamula theka la funde la mawu, inayo n'kulandira theka lotsala. Bias ndi kamagetsi kamene kamaika mlingo wa mphamvu yodutsa m'valavu pamene simukuimba. Mlingowo ukachepa kwambiri, mbali imodzi imasiya inzake isanalandire, ndipo pamakhala kampata. Khutu limakamva ngati kuthetheka kowonda kumene kumakwera pamwamba pa noti, makamaka notiyo ikamazirala. Mlingowo ukachuluka, mavalavu amatentha mopitirira, puleti imafiira, ndipo moyo wawo umafupika. Valavu la mbali imodzi likafa, ampulifaya imalirabe, koma mawu amakhala owonda, ochepa mphamvu, osasa ngakhale voliyumu ili pansi.

Amisiri ambiri amatchera bias pakati pa 60 ndi 70 peresenti ya kutentha kumene puleti ingapirire. EL34 imapirira mawati 25. Ngati pa puleti pali mavolti 450, ndiye kuti 70 peresenti ndi mawati 17.5, kapena kuti mamiliampu pafupifupi 39 pa valavu lililonse. Nambala zimenezi sizipezeka ndi khutu, zimafuna mita. Choncho mukasintha mavalavu akuluakulu, gulani awiri kapena anayi oyezedwa kuti ndi ofanana, ndipo bias itcheredwenso. Maampulifaya ena, monga AC30, amadzitchera okha kudzera pa kachida kochepetsa magetsi kotchedwa rezisita, moti kumeneko mumangolowetsa.

Zonse zimene ndatchulazi, kupatula kutchera bias, mungathe kuchita nokha osatsegula bokosi lachitsulo la m'kati mwa ampulifaya, mmene muli mawaya. Bokosilo musalitsegule. Muli magetsi a mavolti 400 mpaka 500, ndipo makapasita akulu amatha kuwasunga ngakhale mutazula pulagi pakhoma. Akhoza kupha munthu.

M'katimo mmisiri amakayang'ana zinthu zingapo zodziwika. Makapasita osefa magetsi amauma akakalamba, ndipo mumamva kung'ung'uza kosalekeza ndi kanoti kachilendo kosagwirizana kamene kamatsatira noti yanu pansipansi. Kakapasita kolumikiza gawo lina ndi linzake kakayamba kudontha magetsi, kamasokoneza bias, ndipo mavalavu atsopano amene mwagula adzafiira ngati akale aja. Valavu lalikulu likachita shoti, kawirikawiri limawotcha rezisita ya pa screen (timawaya tina ta m'kati mwa valavu), ya ma ohm 470 mu Fender zambiri kapena 1,000 mu Marshall, ndiye valavu latsopano pa soketi imeneyo siligwira bwino mpaka rezisitayo itasinthidwa. Kuthetheka kumene kumayamba ampulifaya ikatentha nthawi zambiri kumachokera pa mtovu wowotcherera umene wang'aluka, kapena pa marezisita akale a ma ohm 100,000 a pa mavalavu ang'onoang'ono. Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza, musaikulunge ndi waya kapena kuikamo yaikulu, chifukwa chimene chipse pambuyo pake ndi thiransifoma.

Popita kwa mmisiri, muuzeni zimene mwayesa kale, ngati vuto limayamba mukangoyatsa kapena ikatentha, ngati limasintha mukatembenuza voliyumu, ndiponso ngati limamveka pa tchanelo chimodzi kapena zonse. Likakhala pa tchanelo chimodzi chokha, mavalavu akuluakulu ndi sipika tawachotsa kale pa mlandu, ndipo tiyambira kufufuza pa 12AX7 wa tchanelo chimenecho.